Ufa wa Mbee ndi Mano a Kaswiti

MUTU 4

1. Timawanga toyera

Dzina loti Kaswiti anachita kumupatsa anzake a ku sekondale, ndipo sanamunamizire. Tsaya lake lakumanja linkakhala lotupa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osati ndi matenda ayi, koma ndi switi. Ina ikasungunuka ankaponyamo ina. Ankati switi imafewetsa mawu, ndipo poti iye ndiye ankatsogolera nyimbo mu kwaya ya sukulu, panalibe womutsutsa.

Mtsikanayu ankakhala kwa azakhali ake, mlongo wa malemu bambo ake. Azakhaliwo anali ndi saluni kutsogolo kwa nyumba. Munali mipando iwiri, makina oumitsira tsitsi olira ngati ndege, ndi shelefu yodzaza mafuta odzola, mawigi ndi sopo. Pakona panali botolo lalikulu la maswiti a makasitomala. Akaweruka kusukulu, Kaswiti ankasesa tsitsi ndi kuchapa matawulo, ndipo botolo lija linkalidziwa bwino dzanja lake.

Pagalasi lalikulu la m'salunimo ndi pamene anaona timawanga pa mano ake awiri akutsogolo, akumwamba. Tinali pafupi ndi usinini, toyera ngati choko. Anakondwa kwambiri. Anaganiza kuti mano ayamba kuyera okha kuchokera kumtunda, ndipo kotsalako kutsatira posachedwa.

Anaonetsa mnzake wa pa desiki, amene onse ankamutchula kuti Wayilesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira. Wayilesi anachita kaduka pang'ono, n'kufalitsa nkhaniyo kalasi yonse belu lisanalire.

Chimwemwecho chinatha tsiku limene adokotala a mano anabwera kudzayeza ophunzira. Atayang'ana m'kamwa mwa Kaswiti sanaseke. Anamuuza kuti akawapeze kuchipatala sabata yomweyo.

2. Zinthu zinayi pa thireyi

Adokotalawo anali mayi wachikulire wa magalasi okhuthala, wosadziwa kunyengerera munthu. Anamugoneka Kaswiti pa mpando wopendekeka, n'kumuunika ndi nyale yothobwa m'maso. Anaumitsa mano aja ndi kampope ka mpweya, kenako anamupatsa kagalasi. Timawanga tija tinaoneka bwino tsopano, ndipo sitinkawala ngati mbali ina ya dzino.

Kaswiti anafunsa monyadira ngati mano ake onse adzayera choncho. Adokotala anavula magalasi.

"Mwanangu, mawu akuti kuyera akupusitsa. Timati mbale yayera ikatsukidwa. Timatinso choko ndi choyera. Koma kuyera kwa mbale ndi kuyera kwa choko ndi zinthu ziwiri. Dzino labwino limawala. Apa pakuyera chifukwa payamba kufumbwa. Dzino lili ndi chikuto cholimba kunja kwake. Ukamayamwa switi tsiku lonse, tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula mchere womanga chikutocho. Pa mawangapo pangotsala kachikuto kopyapyala ngati chigoba cha dzira, pansi pake ndi pofooka. Ndimvetsetse bwino apa. Kachikutoko kakadalipo, dzino litha kudzimanganso, chifukwa malovu ako amabweretsa mchere womwe unachoka. Koma kakangophwanyika, palibe mankhwala padziko lino amene angakabwezere."

Anakoka thireyi yachitsulo n'kuikapo zinthu zinayi. Choyamba chinali mankhwala wamba otsukira mano, okhala ndi fulorayidi. Anati fulorayidiyo ndiye mmisiri wothandiza malovu kumanga, ndipo mankhwalawa ndiwo maziko, kawiri pa tsiku, osadumpha. Chachiwiri chinali madzi a fulorayidi ochukuchira m'kamwa. Anati amathandiza, koma ndi ongowonjezera, salowa m'malo mwa mswachi. Chachitatu chinali kirimu wopangidwa kuchokera ku mkaka, wokhala ndi mchere wa mtundu womwe umamanga dzino. Anati ena amamuyamikira, koma akatswiri sanagwirizane ngati amaposa fulorayidi, ndipo munthu amene thupi lake limadana ndi mkaka sayenera kumukhudza.

Chachinayi chinali kabotolo kakang'ono ka mankhwala achikasu, onanda ngati uchi. Anati dzina lake ndi vanishi wa fulorayidi, amapaka ndi adokotala okha, ndipo pa mawanga ngati akewo ndi amene iwo ankamudalira kwambiri.

Kaswiti anafunsa kuti pa zinayizo chofufuta mawanga msanga ndi chiti.

"Palibe," anatero adokotala. "Zonsezi si zofufutira, ndi zolimbitsira. Ndi ntchito ya miyezi. Mwina mawangawo adzazilala, mwina adzatsala pang'ono, koma adzakhala olimba ndi owala, ndipo dzino lidzakhala lako. Ndikupaka vanishi lero. Aoneka wachikasu, koma usamuchotse mpaka mawa. Kuyambira mawa, ukatsuka mano uzilavula thovu koma usamachukuche ndi madzi, kuti mankhwala atsalire pa dzino. Mswachi ukhale wofewa. Switi usiye kuyamwa. Ndipo chinthu chilichonse chowawasa kapena chokhakhala chisayandikire pamenepo. Udzakumana ndi anthu olonjeza kuyera kwa sabata imodzi. Uwathawe ngakhale atakhala abale ako."

Kaswiti anavomera zonse mwaulemu, monga amachitira ana akafuna kuti wamkulu amalize msanga.

3. Vanishi ngati tebulo

Tsoka lake, masana omwewo kunali kuyeserera kwa kwaya. Aphunzitsi a nyimbo analengeza kuti mpikisano wa masukulu wayandikira, ndipo kudzakhala ojambula ndi makamera. Anauza Kaswiti kuti poti iye adzaima patsogolo, aziimba akumwetulira. Atangotsegula pakamwa, anyamata a besi anagwa ndi phwete. Wina anafunsa ngati wadya polishi wa pansi. Wayilesi anayesa kumuikira kumbuyo, koma nayenso milomo inkanjenjemera ndi kuseka.

Kaswiti anafika ku saluni maso ali psuu. Azakhali anamugwira chibwano n'kumutembenuzira kowala. Atamva kuti ndi vanishi, anaseka mpaka kasitomala amene anali m'makina anasuzumira. Anafunsa ngati mwana wa achimwene awo wasanduka tebulo. Koma atamva zoti asamachukuche m'kamwa, kuseka kunatha.

"M'nyumba mwanga muno mulibe munthu wogona ndi thovu m'kamwa. Umenewo ndi uve. Ine ndakulera kuti ukhale mtsikana waukhondo, lero wina akuphunzitse kulavula n'kuchoka ngati mbuzi? Tamvera ine. Anthu a m'chipatala amakonda kuopseza kuti uzipitapita. Chinthu choyera chingakhale bwanji chowola? Chowola chimada, aliyense amadziwa. Vuto lako ndi loti dzino layera mbali imodzi. Mankhwala ake ndi kuyeretsa mbali inayo kuti zifanane, basi. Ntchito yanga ndi kukongoletsa anthu, ndipo sindinayambe dzulo."

Anatsitsa kabotolo pa shelefu. Munali ufa wotuwa umene ankasakaniza okha kuseri kwa nyumba: makala osinja, soda ndi mchere wa mandimu. Anaupatsa dzina loti Mbee, ndipo ankauza makasitomala kuti umayeretsa mano kuti mbee sabata isanathe. Kunena zoona, azakhaliwo sanali munthu woipa mtima. Ankaukhulupirira ufawo ndi mtima wonse, ndipo choopsa chake chinali chomwecho.

Sanamukakamize. Anangoika kabotoloko pafupi ndi mswachi wake, n'kuwonjeza mawu amodzi akubwerera kwa kasitomala. Anati m'nyumbamo amadya chifukwa cha shelefu ija, ndipo munthu wonyoza katundu wa pa shelefuyo akafune denga lina.

Kaswiti anaima ku bafa nthawi yaitali. Kudzanja limodzi kunali mankhwala a adokotala, ntchito ya miyezi. Kudzanja lina kunali Mbee, ntchito ya sabata. M'makutu mwake munali mukulirabe kuseka kwa anyamata a besi. Ananyowetsa mswachi, n'kuuviika mu ufa uja.

4. Kuti mbee

Vanishi anachoka madzulo omwewo. Ufawo unkawawasa ndi kukhakhala ngati mchenga, koma Kaswiti anakwecha mwamphamvu, n'kuchukucha bwinobwino monga mtsikana woleredwa. Anachita chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo, nthawi zinanso masana. Switi sanasiye. Anati asiya mpikisano ukatha.

Masiku oyamba zinaoneka ngati zikuyenda. Mano anayereradi, ndipo timawanga sitinkasiyana kwambiri ndi mbali ina. Azakhali anamujambula ndi foni akumwetulira, n'kukasindikiza chithunzi chachikulu chimene anamata pa chitseko cha saluni. Pansi pake analembapo dzina la ufawo. Atsikana odutsa ankaima kuyang'ana. Kaswiti ankayenda ngati sakuponda pansi.

Kenako madzi ozizira anayamba kumulasa ngati singano. Poimba, akakoka mpweya kuti akwere mawu, mano ankawawa mpaka m'mphuno. Atadandaula, azakhali anati ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, apirire. Anapirira. M'mphepete mwa mawanga munayamba kutuwa chifukwa makala ankalowa m'malo ofooka aja. Iye poona kutuwako anawonjeza mphamvu pa mswachi.

M'mawa wina akutsuka anamva kanthu kokhakhala pa lilime ngati kanjere ka mchenga. Analavulira m'dzanja. Kanali kachidutswa koyera, kakang'ono kuposa njere ya shuga. Anapititsa lilime pa dzino lakumanzere n'kupeza kadzenje. Pagalasi kanaoneka bwino, kakuda m'kati, pamalo penipeni pamene munthu amayamba kuona mnzake akamwetulira.

Tsiku limenelo anapita kusukulu atavala masiki, n'kunena kuti ali ndi chimfine. Ku kwaya aphunzitsi anamuuza kuti avule. Anavula, koma anaimba mlomo wam'mwamba utagwa ngati katani, mawu akutulukira m'mphuno. Aphunzitsiwo anamupirira masiku angapo. Kenako anamuuza mosapsatira kuti kamera sijambula munthu wolira maliro, n'kumutumiza ku mzere wakumbuyo. Patsogolo anaikapo Wayilesi.

Wayilesi anayesa kubisa chimwemwe chake, koma Wayilesi sankadziwa kubisa kanthu. Kaswiti anamuda tsiku limenelo, anamuda kwambiri, ngakhale ankadziwa kuti mnzakeyo sanalakwe.

5. Chigoba chaphwanyika

Anabwerera kuchipatala yekha, osauza azakhali. Adokotala anayang'ana, anaumitsa, anayang'ananso. Anafunsa kuti wapakapo chiyani. Kaswiti anayamba ndi kunama, koma makala anali akadali m'kadzenjemo, ndiye bodza linafera panjira.

Ankayembekeza kukalipiridwa. Bwenzi zili bwino akanakalipa. M'malo mwake adokotala anakankhira kutali thireyi ija, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Zinthu zinayi zija zinali za dzino lokhala ndi chikuto. Pa dzino lakumanzereli nthawi yake yatha. Ndidzaboola pofookapo n'kumata. Ndidzayesetsa kuti mtundu ufanane, ndipo anthu ambiri sadzazindikira. Koma usadzinamize kuti wachira. Chomata chimakalamba. Chimasintha mtundu, chimasweka m'mphepete, ndipo pochisintha timadyako dzino pang'ono. Uli ndi zaka zochepa, mwanangu, ndipo udzakhala pa mpando uno kangapo m'moyo mwako chifukwa cha masabata ochepa awa. Dzino lakumanjali chikuto chake chikadalipo, koma chapyapyala. Ukasiya lero, mwina tilipulumutsa. Chimene chikundiwawa ine ndi chakuti unabwera pa nthawi yake. Ambiri amabwera dzino litatha kale. Iwe unabwera likadali lopulumuka."

Anapakanso vanishi pa dzino lakumanja, n'kumuuza tsiku lodzamata linalo. Linali tsiku la pambuyo pa mpikisano. Kaswiti sanalire m'chipindamo. Analira panjira, m'kati mwa masiki, ndipo masikiyo inanyowa mpaka kumata pa milomo.

Kunyumba anauza azakhali zonse, n'kuwaonetsa kadzenjeko. Azakhaliwo anayang'ana kanthawi, nkhope itasintha, koma msanga anapeza pothawira. Anati wabooletsa dzino ndi vanishi wa adokotala uja, komanso maswiti amene mtsikanayo ankaba m'botolo. Pa za maswiti sananame. Chithunzi chija sanachichotse pa chitseko. Anamulamula kuti akakhala m'saluni azivala masiki, ndipo nkhaniyi isatuluke pakhomo. Anamukumbutsanso za denga.

6. Kasitomala

Tsiku lotsatira, Loweruka masana, m'saluni munali anthu. Makina ankalira, mayi wina ankalukitsa tsitsi, ndipo Kaswiti ankasesa. Chitseko chinatseguka, n'kulowa Wayilesi, mawu ali patsogolo mwini wake pambuyo.

Anapereka moni kwa azakhali mwaulemu, kenako anafotokoza chimene wadzera. Poti tsopano ndiye woima patsogolo, ankafuna mano ake ayere ngati a pa chithunzi cha pa chitseko. Anati nayenso wachita mwayi, mano ake ayamba kuyera okha. Anakweza mlomo ndi chala kuti onse aone. Pafupi ndi usinini panali timawanga tiwiri toyera ngati choko, tosawala.

Azakhali anatsitsa kabotolo ka Mbee n'kukapukuta fumbi ndi tawulo, kenako anamupatsa Wayilesi.

"Umboni suli patali, mwanangu," anatero akumwetulira. "Funsa mnzakoyo. Iwe Kaswiti, muuze mnzako mmene umachitira."

Wayilesi anatembenuka, kabotolo kali m'manja, maso akuwala.

"Ndizipaka kangati pa tsiku, Kaswiti? Usandibisire chifukwa choti ndakulanda malo."

Tsache linaima. Kunali kophweka kuyankha kuti katatu. Akanangotero, denga likanakhala lake, azakhali akanakondwa, ndipo pofika tsiku la mpikisano mwina wina akanalawako singano ya mpweya wozizira. Mtima wake unalifuna yankho limenelo, ndipo unalifuna ndithu. Anayang'ana timawanga ta mnzake. Chigoba chinali chikadalipo.

Anatsamiritsa tsache kukhoma. Anakoka chingwe cha masiki kukhutu limodzi, kenako kwinako. Ndiyeno anamwetulira kwambiri, monga aphunzitsi a nyimbo ankafunira, mano onse pamtunda: limodzi likadali lachikasu ndi vanishi wa dzulo lake, linalo lili ndi dzenje lakuda.

"Ine ndinkapaka katatu," anatero.

Wayilesi anayang'anitsitsa dzenje lija. Anaika kabotoloko pa shelefu pang'onopang'ono ngati katentha. Mayi wolukitsa tsitsi uja, amene anali atagula kale mabotolo awiri a ana ake, anatsegula kachikwama kake n'kusuzumiramo.

Azakhali sanakalipe. Anapita pa makina oumitsira tsitsi n'kuwazimitsa, ndipo m'saluni munangoti zii. Anapepesa makasitomala kuti lero atseka msanga. Anauza Wayilesi kuti apereke moni kwa amayi ake. Onse atatuluka, anakhoma chitseko chija cha chithunzi, n'kutembenukira kwa mwana wa achimwene awo.

"Chikwama chimene unabwera nacho chili pamwamba pa wadirobu," anatero. "Kachitsitse."